Hatchi ikanyong'onyeka ndi bwalo: zizindikiro, zoyambitsa ndi zochita

Dandaulo la okwera limabwera lomwelomwelo kukhola la mahatchi: "Yanga yayamba mwano m'bwalo, koma tikatuluka kutchire imayenda bwinobwino." Ndikafunsa zomwe anachita dzulo, dzana ndi sabata yatha, yankho silisiyana. Kulowa, kutsata mpanda chakumanzere kasanu, kutembenuka, chakumanja kasanu, trot (kuthamanga pang'onopang'ono), canter (kuthamanga kofulumirako) pang'ono, kenako kutsikira pageti. Ndiwo ngakhale zikome bwanji, zikamabwera m'mawa ndi madzulo zimakola. Nayo hatchi zimaikola, ndipo poti silankhula, imatiuza ndi makutu, mchira ndi miyendo.

Chondidetsa nkhawa ndi chakuti hatchi yonyong'onyeka ndi hatchi yomva ululu zimaonetsa zofanana. N'chifukwa chake pa chizindikiro chilichonse m'munsimu ndayamba ndi chifukwa chomwe ndimachipeza kawirikawiri, n'kumatsika mpaka chosowa, koma chosowacho nthawi zambiri ndicho choopsa.

## Musanakwere: mphindi zisanu zoyang'ana thupi

- Yendetsani chikhatho pamsana musanaike chishalo. Onani ngati ikudzibweza, kugonetsa makutu, kapena kufuna kuluma pomanga lamba wa pamimba.
- Mnzanu aithamangitse trot molunjika pamalo olimba, chingwe chili chokhwefuka. Mutu ukamagwedera m'mwamba ndi pansi pa sitepe iliyonse, ikutsimphina.
- Gwirani ziboda zonse zinayi. Chimodzi chisatenthe kuposa zinzake.
- Tukulani mlomo muone usinini. Uzikhala wa pinki ndi wonyowa, osati wotuwa kapena wachikasu.
- Hatchi yaikulu ikamapumula, thupi limatentha madigiri 37.5 mpaka 38.5, mtima umagunda ka 28 mpaka 44 pamphindi, ndipo imapuma ka 8 mpaka 16.

Chimodzi mwa izi chikakhala kuti sichili bwino, lero si tsiku loyesa masewera atsopano.

## Zilembo za bwalo

Bwalo laling'ono limakhala mamita 20 mulifupi ndi 40 mulitali. Lalikulu ndi 20 ndi 60. Malo a m'bwalo amadziwika ndi zilembo. Mukalowera pa A, C ali kutsogolo kwanu, K, E ndi H ali kumanzere, F, B ndi M kumanja, X ali pakatikati. E ndi B amayang'anizana pakati pa mbali zazitali, pomwe K, H, M ndi F ali mamita 6 kuchokera pangodya. Ngati kwanu kulibe zilembo, lembani ndi penti pa zigubu kapena matayala akutha. Popanda zilembo munthu amangoti "ndikhotera cha uko", ndipo pamapeto pake wosankha pokhotera amakhala hatchi.

## Ikukokera kugeti

Pochoka pageti imakoka miyendo, poyandikira imafulumira, nthawi zina imangoima njo.

1. Zabwino zonse zimachitikira pageti. Dzifunseni: mumatsikira pati? Mumapumira pati? Mumachezera pati ndi odutsa? Tinali ndi hatchi yofiira yofula yomwe mwini wake ankasiya foni pamwamba pa mtengo wa geti. Foni ikalira, iye ankaima pomwepo, zingwe n'kuzitaya pakhosi. Posakhalitsa hatchi inayamba kuima yokha pamtengowo, foni yalira kapena ayi, n'kupendeka khutu limodzi kudikira kuti zingwe zigwe. Mankhwala ake ndi kutembenuza zinthu. Ntchito yotulutsa thukuta, monga mikombero ya mamita 15 pa trot ndi kusinthasintha mayendedwe, ichitikire pafupi ndi geti. Kupuma kuchitikire kutali. Tsikirani pa X kapena pangodya yakutali, khwefulani lamba pomwepo, muituluke mukuikoka. Sizitha tsiku limodzi, chifukwa sizinayambenso tsiku limodzi.
2. Anzake ali kukhola, kapena yamva ndowa za chakudya. Hatchi ndi nyama ya m'gulu. Onani ngati vutoli limakula nthawi yodyetsa. Sinthani ola lokwera, kapena pemphani wina alowe m'bwalo ndi hatchi ina kwa masiku angapo.
3. Inuyo mumafooka pamalo amenewo. Maso anu akayang'ana geti, thupi limatsatira. Yang'anani chilembo chotsatira, mwendo wa kumbali ya geti ukhale wokonzeka musanafike.
4. Ikuthawa ululu. Ikayamba kubwerera chafutambuyo mwaliwiro kapena kuimirira ndi miyendo yakumbuyo, tsikani. Pamenepo papitirira pa kunyong'onyeka.

## Yasanduka yaulesi, sikumva mwendo

1. Mwendo wanu suleka kugogoda. Ichi ndicho chofala kwambiri, ndipo ambiri sadziwa kuti amachichita. Hatchi imaphunzira pamene kukanikiza kwaleka. Mukamaigogoda sitepe iliyonse, chidendene chanu chimasanduka ngati phokoso la chigayo kwa munthu wokhala pafupi nacho: sachimvanso. Poyesa, chotsani miyendo pang'ono m'nthiti, muwerenge masitepe omwe iyende isanazime. Akapanda kufika asanu, vuto ndi limeneli. Pemphani mofatsa kamodzi. Ikapanda kuyankha, mwamphamvu. Ikapandanso, kukhudza kamodzi ndi chikwapu kuseri kwa mwendo wanu. Ikangoyankha, miyendo ikhale zii, zingwe musakoke, ngakhale itadumphira patsogolo kuposa momwe mumafunira.
2. Liwiro limodzi, njira imodzi. Yesani makwerero a manambala: masitepe 10 oyenda, 10 a trot, kenako 8 ndi 8, 6 ndi 6, 4 ndi 4, n'kukweranso. Pofika pa 6 mudzaona khutu limodzi litatembenukira kumbuyo, kwa inu. Khutu limenelo ndilo mukulifuna. Tsiku lina sinthani mkati mwa trot momwemo: masitepe ataliatali pambali yaitali, afupiafupi pambali yaifupi.
3. Palibe choyang'ana pansi. Mapolo a bulugama atatu kapena anayi, ogonekedwa pansi kuti iziwadutsa, amadzutsa hatchi yogona. Kwa hatchi ya msinkhu wapakati, atalikirane masentimita 80 mpaka 90 poyenda, mita 1.2 mpaka 1.4 pa trot, ndi pafupifupi mamita 3 mpaka 3.5 pa canter. Kwa yaing'ono fupikitsani. Yambani ndi limodzi, kenako atatu. Awiri okha mahatchi ena amawalumpha onse pakamodzi. Salazani mchenga, dutsani, muone mapazi: chiboda chizitera pakati pa mapolo. Chikamatera pafupi ndi polo lotsatira, atalikitseni pang'ono.
4. Mchenga wazama kapena dzuwa lanyanya. Yendanimo wapansi. Ngati inuyo mukupuma wefuwefu mutazungulira kamodzi, ganizirani hatchi yomwe yanyamula munthu. Mu Okutobala ndi Novembala kwerani m'mamawa.
5. Ikudwala. Ulesi wobwera mwadzidzidzi kwa hatchi yomwe inali yachangu usautche khalidwe. Kumadera athu a kum'mwera kwa Africa kuli matenda a nkhupakupa omwe amatuwitsa kapena kuchititsa chikasu usinini ndi kudetsa mkodzo. Kulinso African horse sickness, yofalitsidwa ndi tintchentche ting'onoting'ono toluma madzulo ndi m'bandakucha, makamaka chakumapeto kwa mvula. Zizindikiro zake ndi kutentha thupi, kutupa pamaenje a pamwamba pa maso, ndi kubanika. Yezani kutentha, ndipo mukaona chimodzi mwa izi imbirani dokotala wa ziweto nthawi yomweyo.

## Ikuchita musanaiuze

Imayamba canter yokha pangodya, imaima yokha pa X, imakhota musanakhote.

1. Chinthu chomwecho, malo omwewo. Ngati canter mumaipempha nthawi zonse pangodya ya pakati pa A ndi F, hatchi yaloweza. Dutsani ngodyayo pa trot katatu, kachinayi muyende, kachisanu mupemphe canter pa mkombero wa pakati, pa E kapena B. Potsika mzere wa pakati, imani musanafike pa X, tsiku lina mutapitirira, tsiku lina osaima n'komwe. Okonzekera mpikisano wa dressage (woonetsa mayendedwe oloweza m'bwalo), mayeso onse athunthu muwayese kamodzi kapena kawiri basi. Masiku ena tengani tizigawo, musinthe dongosolo, ndipo kuloweza kwanu kuchitikire wapansi pabwalo la kunyumba.
2. Mumaiululira chinsinsi. Ambiri asanapemphe canter amafupikitsa zingwe, kugwira mpweya ndi kuweramira kutsogolo. Mnzanu akujambuleni pafoni, mudzadziona. Kenako fupikitsani zingwe kangapo popanda chotsatira chilichonse, mpaka hatchi ileke kuzitenga ngati belu.
3. Ikumvera mphunzitsi, osati wokwera. Mahatchi ophunzitsira ana amadziwa mawu oti "trot" ndi "canter" kuposa anawo. Mphunzitsi agwiritse manambala kapena atukule dzanja.
4. Ikuopa kuchedwa. Yomwe inakwapulidwapo chifukwa chochedwa kuyankha imafulumira kuti ipulumuke. Musailange. Hatchi yotsogola ikuyesetsa kukukondweretsani; ibwezeni mofatsa, muiyendetse, muyambirenso pena.

## Ikudzidzimuka pangodya imodzimodzi

1. Mutu wake ulibe ntchito. Hatchi yosapatsidwa choganiza imadzifunira yokha kunja kwa mpanda. Musaikokere mphuno ku chomwe ikuopacho. Ipindeni pang'ono kuyang'ana mkati mwa bwalo, mwendo wamkati uikankhire kungodya. Yambani mkombero patali pomwe ili yomasuka, n'kumausendeza mita imodzi imodzi.
2. Mphamvu zachuluka. Kutchire hatchi imatha maola pafupifupi 16 patsiku ikudya msipu uku ikuyenda. Yotsekeredwa m'khola tsiku lonse n'kumadya chakudya chambiri cha m'matumba imabwera m'bwalo ngati botolo la thobwa lowira. Ionjezereni nthawi yotayidwa panja ndi udzu, muchepetse cha m'thumba mutafunsa odziwa.
3. Chilipodi. Kaimeni pangodyapo pa ola lomwelo. Mwina ndi jumbo yokodwa pawaya, chithunzithunzi cha mtengo, kapena galu wa kuseri kwa mpanda. Maso a hatchi ali m'mbali mwa mutu, ndipo imaona pafupifupi mozungulira konse kupatula kumbuyo kwenikweni ndi patsogolo penipeni pa chipumi. Chomwe yazolowera pobwera chakumanzere chingaidabwitsenso pobwera chakumanja, choncho ionetseni mbali zonse ziwiri.
4. Inuyo mumauma poyandikira. Lankhulani kapena werengani mokweza. Munthu wolankhula sagwira mpweya.
5. Diso lili ndi vuto. Kudzidzimuka kwatsopano kwa mbali imodzi yokha, diso lotuluka misozi, lotsinzina kapena lachifunga: dokotala alione tsiku lomwelo. Diso la hatchi silidikira mawa.

## Yatsamira mpanda, ikudula ngodya

Bwalo limadziulula lokha. Mukaona kangalande kozungulira m'mphepete mwa mpanda, momwe madzi amadikha mvula ikagwa, pakati pali mchenga wosapondedwa mpaka udzu kumera, dziwani kuti pamenepo anthu amangozungulira ngati ng'ombe zopuntha.

1. Mpanda ndiwo ukuwongolera, osati inu. Yesani kuyenda mamita awiri mkati mwa mpanda kuchokera pa K mpaka pa H. Ikamagwera kumpanda kapena kuyenda mokhotakhota, mwapeza. Sankhani ziwiri mwa izi patsiku, osati zonse:
   - Njoka: kuyenda mokhotakhota mapindi atatu kuchokera pa A mpaka pa C. M'bwalo la mamita 40 pindi lililonse ndi pafupifupi mamita 13. M'la 60 ndi mamita 20. Mukazolowera, yendani masitepe atatu nthawi iliyonse mukudutsa mzere wa pakati.
   - Kuchoka pampanda pa F, kulowa mkati mamita 5 moyang'anizana ndi B, kubwerera pampanda pa M.
   - Nambala 8: mikombero iwiri ya mamita 20 yokumana pa X, hatchi iwongoke sitepe imodzi kapena ziwiri isanapindikire kwina.
   - Nkhono: mkombero wa mamita 20 kuuchepetsa pang'onopang'ono mpaka 12, kenako kuukulitsa ndi mwendo wamkati, osati ndi chingwe chakunja.
   - Wotchi: mapolo anayi pa mkombero wa mamita 20, pa 12, 3, 6 ndi 9. Werengani masitepe pakati pa polo ndi polo. Akafanana m'zigawo zonse zinayi, mkombero wanu ndi wozunguliradi. Ine ichi ndimachikonda koposa, chifukwa sichinama ndipo wokwera safunika womuuza kuti walakwitsa.
   - Chigubu pangodya iliyonse, mamita awiri kapena atatu kuchokera kumpanda, muzidutsa kuseri kwake.
2. Mbali imodzi ndi youma. Pafupifupi hatchi iliyonse imapindika mosavuta mbali imodzi. Yambirani kofewako, musinthe mbali pafupipafupi. Kukakamira mbali youma kwa mphindi khumi kumangoiumitsa.
3. Mwakhala mopendekera. Vulani zikopa za zopondera zonse ziwiri muziyerekeze. Chakumanzere chimatanuka chifukwa ndicho timakwerera. Zisinthanitseni nthawi ndi nthawi.
4. Ngalandeyo ikuikoka. Tengani reki ndi fosholo, bwezerani mchenga.

## Wonyong'onyeka ndi wokwera

Ola limatalika, foni imaitana, ndipo mumapeza zifukwa zosakwerera.

1. Mwalowa opanda funso. Musanamange chishalo sankhani chinthu chimodzi choyezeka: "Lero ndikufuna kuima ndendende phewa langa lili pa chilembo, kasanu mwa kasanu." Chikatheka pa mphindi 25, tsikani. Sabata itha kuyenda chonchi: Lolemba kusintha mayendedwe, Lachiwiri mapolo, Lachitatu kutchire, Lachinayi kupuma, Lachisanu njoka ndi nkhono, Loweruka kuiyendetsa muli pansi kudutsa pakati pa mapolo ndi kuibweza m'mbuyo. Tsiku la kutchire musalidumphe ngati muli ndi njira yotetezeka komanso mnzanu woyenda naye. Zitunda ndi nthaka yosiyanasiyana zimalimbitsa hatchi mwanjira yomwe mchenga wosalala sungathe.
2. Mumakwera nokha nthawi zonse. Awiri mungayende limodzi bondo kwa bondo, kapena kuchita galasi: wina mbali ya E, wina mbali ya B, wotsatira akuchita zonse zomwe mnzake wachita. Popatukana moyang'anizana, m'mabwalo ambiri lamulo ndi phewa lamanzere kwa phewa lamanzere. Mahatchi oponya mateche asayandikizidwe.
3. Ndi mwana, ndipo mukumuphunzitsa ngati wamkulu. Mpatseni kapu ya madzi anyamule kuchokera pa mgolo wina kukathira m'ndowa ya pa mgolo wina. Ndinaona kamtsikana komwe kwa miyezi manja ake ankangovina, tsiku la kapu kakuyenda lilime lili panja, maso pamadzi, zigongono zitakhazikika zokha popanda wonena. Kuluka pakati pa zigubu ndi kulosera kuti masitepe akhala angati kuchokera pa H kufika pa K zimagwiranso ntchito. Chipewa cholimba chisachoke kumutu, masewera akome bwanji.
4. Ndi mantha ovala malaya a kunyong'onyeka. Wina akati "zatopetsa" nthawi iliyonse canter ikayandikira, makamaka ngati anagwapo, musamuonjezere masewera. Mufunseni pambali. Afunika mphunzitsi woleza mtima, hatchi yofatsa, ndi kubwerera m'mbuyo pang'ono popanda womuseka.

## Mwasintha zambiri, tsopano yabalalika

Izi zimagwera akhama. Hatchi ikutafuna chitsulo cha m'kamwa mwaphuma, ikuthamangira mapolo, yachita thukuta m'khosi ntchito isanayambe.

1. Zatsopano zachuluka pakamodzi. Chiyambi ndi mathero zikhale zomwe ikuzidziwa: mphindi 10 zoyenda poyamba, kuyenda zingwe zili zazitali pomaliza. Chosintha ndi pakati, ndipo chachilendo chikhale chimodzi patsiku.
2. Simukuipumitsa. Ikachita bwino, italikitsireni zingwe iyende mphindi imodzi kapena ziwiri. Ikatsitsa khosi n'kupumira m'mphuno mwaphokoso, yamasuka.
3. Thupi silinafikepo. Mikombero ing'onoing'ono ndi mapolo ambiri zimalemetsa mfundo. Hatchi yongoyamba kumene kukweredwa ikwanitse mphindi 20 mpaka 30, mikombero ikhale yaikulu.

## Pofunika kusiya ndi kuitana katswiri

Dokotala wa mahatchi wa ku Britain, Sue Dyson, ndi anzake anandandalika makhalidwe 24 omwe hatchi imaonetsa ikamakweredwa, monga kugonetsa makutu kwa nthawi, kuyasama, kutulutsa lilime, kukupiza mchira mobwerezabwereza, kupendeketsa mutu ndi kupunthwa. Anapeza kuti yoonetsa 8 kapena kuposa nthawi zambiri imakhala ndi ululu m'minofu kapena m'mafupa, ngakhale kutsimphina kusakuoneka. Zambiri mwa zimenezi ndi zomwe ife timathamangira kuzitcha mwano.

Dokotala wa ziweto, lero lomwe:
- kutsimphina, chiboda chotentha, mwendo wotupa
- kutentha kopitirira 38.5 ikupumula, kukana chakudya, usinini wotuwa kapena wachikasu
- kutupa pamwamba pa maso, kubanika, thovu m'mphuno
- kupalasa pansi, kuyang'ana pamimba ndi kugubuduka
- diso lotsinzina kapena lachifunga

Dokotala, sabata yomweyi, ndipo musaikwere kaye:
- yayamba kuponya miyendo yakumbuyo kapena kukana canter ya mbali imodzi pomwe kale sinkatero
- ikuluma pomanga lamba, ikuonda, ubweya wafota. Zilonda za m'mimba zimaoneka chonchi
- ikupunthwa pafupipafupi kapena kukoka nsonga za ziboda zakumbuyo

Ena oitana:
- Woona mano, ngati ikupukusa mutu, kugwetsa chakudya chotafuna kale, kapena papita chaka asanaonedwe.
- Wodziwa kuyeza zishalo, ngati mukavula chishalo pali malo ouma pakati pa thukuta, ubweya wothothoka kapena woyera, kapena hatchi yanenepa kapena kuonda.
- Mmisiri wa ziboda, ngati papitirira masabata 6 mpaka 8.
- Mphunzitsi wodziwa, ngati hatchi ikuimirira ndi miyendo yakumbuyo, ikuthawa nanu osaimika, kapena mwayesa zam'mwambazi masabata atatu dokotala atanena kuti thupi lili bwino koma palibe kusintha. Hatchi yoimirira itha kugwa chagada n'kumugwera munthu; imeneyo si yolimbana nayo nokha.

Pomudikira katswiri, wina akujambuleni vidiyo yaifupi: kuyenda, trot ndi canter mbali zonse ziwiri, kuchokera chammbali, kutsogolo ndi kumbuyo. Lembani tsiku lomwe vutoli linayamba ndi chomwe chinasintha sabata imeneyo, kaya ndi chishalo, chakudya, zitsulo za kuziboda, wokwera watsopano kapena mnzake wa m'khola amene anachoka. Dokotala akamabwera, chishalo ndi zingwe zomwe mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku zikhale pafupi, chifukwa mavuto ena amaoneka pokhapokha munthu ali pamsana.